Masefa Awiri a Bambo

Achemwali anandiimbira Lolemba ndili ku ntchito, manja ali bii ndi inki ya makina a fotokope, ndipo moni sanandipatse. Anati bambo sanadzuke chigonereni dzulo, chakudya chabwerera mmene chinapitira, ndipo zonsezi ndi chifukwa cha ine ndi "bwerezani, bwerezani" wangayo.

"Lamulungu likubwerali zikakhalanso choncho, waya uja ndikutsitsa," anatero. "Ndakuuza poyera, usadzati sindinanene."

Anadula foni ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinakhala pansi pafupi ndi makina a eni akewo, ndikumva kutopa kochokera m'mafupa.

Bambo athu anagwa ndi sitiroko chaka chatha. Pakamwa panatsekeka, mbali yakumanja inafa, ndipo maso nawo ndi a munthu wokalamba. Chinawatsalira ndi dzanja lamanzere ndi makani. Achemwali anawatenga kukakhala nawo kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Moyo wawo wonse bambo anauthera pa wailesi, osati yomvera nyimbo ayi, koma ija anthu amayankhulirana okhaokha kuchokera m'zipinda zawo, ndipo ife ana aamuna awiri anatiphunzitsa tisanamere ndevu. Kuyankhula kwake n'kogogoda kachitsulo kotchedwa kiyi. Ukagunda mwachidule ndi motalika mosakaniza, chilembo chimatuluka, ndiye Mosi ameneyo. Pakamwa patakana, chala chinatsala chikuyankhula.

Achemwali Mosi samudziwa. Amawasambitsa, amawadyetsa, amawatembenuza, koma mawu a bambo sangawamve. Ndiye Lamulungu lililonse dzuwa likapendeka amawakhazika pa mpando, n'kuwayandikizira kawailesi kakang'ono kamene waya wake anauponya mu mtengo kuseri kwa nyumba, bambo n'kumandigogodera. Sabata yonse, nthawi yokhayo ndi imene munthuyo amanena chiganizo chathunthu kwa munthu mnzake. Waya umenewo ndi umene achemwali ankati atsitsa.

Za foni musandifunse, ndinatopa nalo funso limenelo. Tinayesa. Achemwali anaika foni pafupi ndi kiyi kuti ndizimva bwinobwino, bambo anaikankha mpaka inakagwera pansi pa bedi. Munthu wa wailesi sagogodera foni, basi, nkhani inathera pomwepo. Nkhalamba imeneyo ngakhale theka lake lokha likugwira ntchito, imatilamulirabe tonse.

Vuto linali lakuti kawailesi kawoko n'kofooka. Mawu ake amafika kwa ine ngati udzudzu uli m'chipinda china, ndipo sakhazikika. Amabwera, amazimirira, amabweranso, monga amachitira mawu a wailesi akamayenda pa mphepo. Ndinkamva zilembo zitatu, kenako bata, kenako mchira wa liwu lina. Ndiye ndinkagogoda kuti bwerezani. Iwo n'kuyambiranso pachiyambi, ndi dzanja limodzi lomwelo, mpaka thukuta. Lolemba lonse ankagona ngati munthu wanyamula matumba.

Mankhwala a kuzimiriraku alipo, ndipo anali m'nyumba mwanga momwe. Ine ndimakhala m'nyumba ya bambo, ndipo wailesi yawo yaikulu inatsala m'kachipinda kawo kakumapeto, pa tebulo lomwelija lokhala ndi zipsera za chowotcherera. Wailesi imeneyo ili ndi makutu awiri mkati mwake, lililonse ndi eriyo yakeyake. Eriyo ina ndi waya wogona, wochokera padenga kukafika pa mzati wa kumpanda. Ina ndi chitsulo choimirira kuseri kwa bafa. Mawu akazimirira pa wogona, nthawi zambiri amakhala alipo pa choimirira. Ukavala mahedifoni, eriyo ina imalowa khutu lamanzere, inayo lamanja, mutu wako n'kumalumikiza wokha. Koma khutu lililonse la wailesiyo lili ndi sefa yake, kabokosi kachitsulo kofanana ndi ka machesi, kamene kamalola mawu a munthu yemwe ukumufunayo n'kutsekera phokoso lonse kunja. Masefa awiriwo amayenera kukhala mapasa enieni. Bambo anachita kusankha awo pa mulu, kuyesa imodziimodzi mpaka anapeza ogwirizana.

Imodzi mwa iwo munalibe. Tsiku lomwe tinkalongedza katundu wa bambo, achimwene anga aakulu anaona kuti wailesi, tebulo ndi mawaya onse zikutsalira ine. Anatenga sikuludiraiva, kutsegula wailesi ija ine ndikuona, kuzula sefa imodzi n'kuiponya m'thumba la malaya. Anati nawonso ndi mwana wa m'nyumba muno. Ndinawayankha zomwe ndinawayankha, ndipo mpaka lero sindikubweza. Kuyambira tsiku limenelo tinkangogwedezerana mitu tikakumana pa msewu.

Ndiye ndakhala ndikuyendera kwa a Zatha. Ndi bambo wogulitsa zipangizo zakale za wailesi m'kasitolo kopapatiza kuseri kwa depoti, ndipo dzinalo tinawapatsa chifukwa chilichonse ukafunsa amayamba ndi "zatha" asanayang'ane n'komwe, kenako n'kuchitulutsa pansi pa kauntala. Amandilola kutenga masefa kukayesa n'kudzabweza, poti ankawadziwa bambo.

Ndinayamba ndi awiri otakasuka. Anagwirizana bwino, koma ankalola chilichonse. Wowotcherera zitseko wa kutsidya kwa msewu ankalowa, matchaja a mafoni a nyumba yonse ankalowa, makina a sola a neba ankalowa, ngakhale anthu ena ocheza pafupi ndi malo athu pa mphepo. Bambo anamira m'menemo. Sabata yotsatira ndinatenga awiri opapatiza kwambiri. Phokoso linatha, koma mawu ankalira ngati ukumenya chitini, ndipo poti kugogoda kwa bambo masiku ano n'kopunduka, zilembo zinkamatana kukhala kulira kumodzi. Kenako a Zatha anandipezera imodzi yokhala ndi nambala yofanana ndendende ndi ya bambo imene inatsala ija. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, chitsiru ine.

Nambala ndi nambala chabe. Masefa awiri akhoza kutuluka m'fakitale imodzi tsiku limodzi koma osagwirizana. Akasiyana pang'ono pokha, khutu lina limamva liwu lokwera pang'ono kuposa linzake, ndipo awiriwo akakumana m'mutu mmodzi amayamba kumenyana. Wuu, wuu, wuu, mawu akugubuduzika kuchoka khutu ili kupita ilo, ngati uli kumbuyo kwa basi pa msewu wokhotakhota. Ukawakakamiza kuti alire mofanana, khutu limodzi limataya munthuyo. Lamulungu limenelo mkazi wanga anandipeza nditagona pansi pa simenti, nsalu yonyowa ili pamphumi, nseru ili pakhosi. Ndinali nditamva mawu awiri okha, ndipo bambo ndinawabwerezetsa mpaka anangozimitsa osatsanzika.

Nditamuuza za foni ya achemwali, mkazi wanga sanakweze mawu. Anali akusita mayunifomu a ana. Anati sefa ili kwa alamu ake, aliyense akudziwa, ndipo ine ndatha nsapato kupita kwa a Zatha pomwe kwa achimwene ndi pafupi kuposa kudepoti. Anati ngati ndikufuna kupikisana makani ndipikisane ndi munthu wa manja awiri, osati ndi nkhalamba yodwala. Ndinamuuza kuti za wailesi sazidziwa. Anavomera kuti sazidziwadi, n'kupitiriza kusita.

Ndinapita Lachisanu nditaweruka. Achimwene amakonza mafiriji. Shopu yawo ndi shedi ya malata yodzaza mafiriji opanda zitseko, pansi pali mafuta, ndipo mumatentha ngati mu uvuni. Ndinawapeza atagwada, mutu uli kuseri kwa firiji ya butchala. Njira yonse ndinkakonza mawu, ndinali nawo okwanira mlandu wathunthu. Ndinangonena kuti achemwali akufuna kutsitsa waya wa bambo, ndipo ndikufuna sefa ija.

Anatulutsa mutu, n'kundiyang'ana. Akalamba achimwene, imvi zafika mpaka m'nsidze, ndipo ndinadabwa kuti ndinali ndisanazione. Anapukuta manja, kupita pa shelefu ya pamwamba pa injini yopopera mpweya pomwe pamakhala wailesi yawo, kuitsegula, kuzula sefa ija n'kundipatsa idakali yofunda. Osatsutsa, osafunsa, osandikumbutsa chilichonse. Zinandikwiyitsa kuposa akanandikaniza. Munthu wasenza mkwiyo chaka chathunthu, n'kusowa pouikira.

Anangofunsa ngati angabwere Lamulungu adzamve nawo. Ndinati chitseko sichikhomedwa.

Loweruka ndinaibwezera pamalo pake, pafupi ndi inzake. Ndinasesa kachipinda konse, ngakhale akangaude a pawindo ndinawachotsa. Ndinavala mahedifoni, kusaka munthu aliyense wogogoda pa mphepo kuti ndiyesere, ndipo nditamupeza ndinatseka maso.

Wuu, wuu, wuu.

Ndinazula, kupukuta timiyendo take, kubwezeramo. Ndinasinthanitsa malo. Ndinazimitsa n'kuyatsanso ngati mmene amachitira anthu osadziwa kanthu ku ofesi. Chimodzimodzi. Kumenyanako kunali kochedwerapo kuposa kwa sefa ya a Zatha, koma kunalipo. M'kati mwa sefa muli timiyala tomwe timasintha pang'onopang'ono ndi kutentha ndi ukalamba. Yanga inakhala m'chipinda chozizira, kuyatsidwa Lamulungu lokha. Inzakeyo inakhala chaka ikuphikidwa tsiku ndi tsiku pamwamba pa injini. Sindinatukwane n'komwe, mphamvu yake ndinalibe. Ndinangovula mahedifoni n'kukhala ndikuyang'ana khoma.

Achimwene anafika Lamulungu nthawi isanakwane, atavala malaya oyera ngati akupita kukaona wodwala. Anapereka moni kwa mlamu wawo, kugwira ana pamutu, n'kulowa m'kachipinda mwakachetechete. Anaima pakhomo kanthawi akuyang'ana tebulo. Ndinawauza mosazungulira kuti sefa ija anaiphika, yatha ntchito. Anati mwina yanga ndi imene inachita dzimbiri chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Ndinati sefa sichita dzimbiri. Anati akudziwa. Mkangano unathera pomwepo, tonse tinalibe mafuta opitirizira.

Anavala mahedifoni, kumvetsera pang'ono, nkhope n'kukwinyika, n'kuwavula. Ndinawauza kuti ndingozimitsa khutu limodzi la wailesi ndimvere eriyo imodzi monga kale, ndiyesetse kusabwerezetsa kwambiri, ndipo achemwali akatsitsa waya atsitse, ine ndalephera. Iwo ankatembenuza mahedifoniwo m'manja. Ndi akale, a bambo, zikho zake za kukhutu zimasololoka pa chitsulo chodutsa pamutu. Anasolola chimodzi n'kundipatsa, chinacho n'kugwira okha.

"Amamenyana akakumana m'mutu mmodzi," anatero. "Iwe tenga waya wogona, ine chitsulo choimirira. Aliyense azinena chomwe wamva."

Ndinafuna kunena kuti n'zachibwana, koma dzuwa linali litapendeka kale. Chingwe cha pakati pa zikhozo n'chachifupi, moti tinachita kukhala pa benchi imodzi mapewa atagundana, amuna awiri a mimba zawo, aliyense atagwirizira chikho kukhutu ngati akudwala dzino. Ankanunkha mafuta a firiji ngakhale anasamba. M'khutu mwanga munali kuwomba kwa mphepo kosalala, kopanda kugubuduzika kulikonse, ndipo mutu wanga unapuma koyamba pa miyezi yambiri.

Kenako bambo anabwera. Kaliwu kakang'ono, kopendama, kakuitana dzina langa la pa mphepo. Achimwene anauma thupi lonse, ndinawamva ndi phewa. Anali asanamve dzanja la bambo chichokereni nkhalambayo m'nyumba muno. Ndinayankha kuti ndikumva, apitirize.

Zinayenda, ndikuuzeni. Ndinkanong'ona zilembo ndikulemba kuseri kwa katoni, ndipo mawu akayamba kuchepa kwa ine, achimwene ankapitiriza kunong'ona osadukiza, ine n'kumalemba za iwo. Akatayika kwa iwo, ankandigunda ndi chigongono. Moni wonse tinaulandira wathunthu, chilembo ndi chilembo. Mtima unayamba kugunda ngati wa mwana. Bambo anayamba liwu lina, "ndiku", ndipo kwa ine anali akuzimirira kale. Ndinadikira kuti achimwene apitirize. Sanapitirize.

"Muli nawo?" ndinafunsa.

"Ayi."

Dzanja langa linapita lokha ku kiyi, monga lakhala likuchitira miyezi yonseyi. Achimwene analigwira pamkono lisanafike.

"Usawafunse. Kwanga anali amphamvu, ndinkawamva bwinobwino. Sanazimirire. Asiya."

Sindinamvetse msanga. Mawu ozimirira amachepa pang'onopang'ono, aliyense wa pa wailesi amadziwa zimenezo. Koma ndi khutu limodzi pakati pa phokoso, kapena ndi mutu wozungulira, bata lililonse limafanana ndi linzake. Ine bata lonse ndinkaliika pa mphepo, pa masefa, pa wowotcherera zitseko, pa achimwene. Tsopano mphepo tinali titaitseka mbali zonse ziwiri, ndipo dzenje la bata lija linali pomwepo.

Tinadikira. Panja ana ankakangana za mpira, mkazi wanga akuwakalipira. Mkono wanga unayamba kuwawa chifukwa chogwirizira chikho. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani, koma inali yaitali moti ndikanakhala ndekha ndikanabwerezetsa kawiri. Kenako kaliwu kaja kanabwerera, m'makutu athu tonse awiri. Sanayambire pachiyambi. Anagunda chilembo chimodzi, n'kulakwitsa, n'kuchifufuta, n'kugundanso. "Funa." Anaimanso. Achimwene anali asanasiye mkono wanga, ndipo ndikuganiza kuti anaiwala kuti augwira.

Chiganizo chimenecho chinatenga nthawi imene kale bambo akanafotokozera nkhani za dziko lonse. Ankaima pakati pa liwu, ankasochera, ankabwerera. Ife tinangokhala duu, osagunda kalikonse. Chitatha ndinachiwerenga pa katoni paja, ngakhale ndinali nditachimva kale.

"Ndikufuna jekete langa labulauni kuno kukuzizira."

Tonse tinacheuka. Linali pa msomali kuseri kwa chitseko, pomwe analikoleka okha asanadwale, phewa limodzi lili ndi fumbi. Ndinakumbukira tizidutswa tomwe ndakhala ndikutola masabata apitawa, "je", "zizi", "langa", tomwe ndinkati ndi zinyalala za pa mphepo. Munthu wakhala akupempha jekete nyengo yonse yozizira, ine ndikumubwezera pachiyambi nthawi iliyonse akatsala pang'ono kufika. Chisoni chinandigwira moti sindikanatha kugogoda molongosoka. Ndinakankhira kiyi kwa achimwene. Anagunda pang'onopang'ono kuti tamva zonse, jekete likubwera, apumule. Bambo anayankha ndi chilembo chimodzi chovomereza, n'kuzimitsa.

Achemwali anaimba tisanadzuke pa benchi. Anafunsa kuti lero chachitika n'chiyani, poti bambo atha msanga ndipo akhala tsonga akuyang'ana panja. Ndinawafunsa ngati dzanja la bambo limaima pakati pogogoda.

"Limaima, inde. Linayamba kale," anatero. "Ndimaliona likunjenjemera pamwamba pa kachitsuloko, iwo atatseka maso akusaka. Ndiye ndimamva iwe ukulira m'kawailesimo, iwo n'kuusa moyo n'kuyambiranso. Ine ndimayesa ukudziwa."

Ndinati sindinkadziwa. Kenako ndinawauza zomwe bambo ananena. Achemwali anafunsa motsitsa ngati ndikunena zoona kuti akuzizidwa. Anati amawafunditsa bulangete m'miyendo tsiku lililonse, ndipo akamakoka malaya pachifuwa ankayesa kuti akuwathina. Mawu awo anasweka pamenepo. Anati waya ukhale, koma ndisadzinamize, kuimako kukutalika mwezi ndi mwezi.

Achimwene anachotsa jekete pa msomali, kulikuntha pakhomo, n'kulipinda bwinobwino pa bondo. Anati alitengera okha pa basi ya m'mawa, mafiriji adikira. Anafunsa ngati Lamulungu afike nthawi yomweyi, ndinati inde, poti ndekha sindingathe.

Atapita ndinatsala pa benchi paja, wailesi ikuwombabe m'zikho ziwiri zili patebulo. Ndinali wotopa kwambiri. Miyezi yonseyi ndinkalakalaka kuwamva bambo bwinobwino, ndipo tsopano ndinali nditawamva mmene alili.